Moto wosasiya lupsa: kuwerenga lipoti la Richard Carrington

Lipoti limene Richard Carrington analembera bungwe la Royal Astronomical Society m'chaka cha 1859 ndi lalifupi, la masamba atatu okha pamodzi ndi chojambula chake. Linatuluka mu Novembala m'magazini ya bungwelo, Monthly Notices, ndipo likufotokoza zimene zinachitika m'mphindi 5 pa Lachinayi, 1 Seputembala, tsiku limene munthu anayamba kuona ndi kulemba za kuphulika kwa padzuwa. Ambiri amalitchula chifukwa cha zimene zinadza usiku wake: mawaya a telegalafu kuthetheka moto ku Ulaya ndi ku America, thambo kufiira psuu mpaka ku Cuba ndi ku Hawaii. M'thupi la lipotilo mulibe chimodzi mwa zimenezi. Woliwerenga modekha amapeza kuti msana wake ndi mawu okana: chimene sichinabwerezeke, chimene sichinasinthe, chimene mlembi sanakambirane ndi mnzake, chimene akukana kulumikiza. Luso la kalembedwe kake lagona pamenepo, ndipo mipata imene kukanako kunasiya ndiyo imene akatswiri a tizidutswa ta magetsi tochokera kudzuwa akhala akuidzaza kwa zaka zoposa 160.

Mutu wa lipoti ukulonjeza kulongosola maonekedwe achilendo amene anaoneka padzuwa, basi. Sukunena kuti dzuwa linaphulika kapena kuti linayaka. Maonekedwe ndi chinthu chimene chili pakati pa dzuwa ndi diso, ndipo mlembi akuvomera kuyankha pa gawo la diso lokhalo. Chiganizo choyamba chikutsata mtima womwewo. Chikuyamba ndi nthambi yonena za ntchito ya masiku onse, yojambula mawanga a padzuwa ndi kulemba malo awo, ndipo chozizwitsacho chikadzatchulidwa, mneni wake ali mu msintho wochitidwa: chinaonedwa. Woonayo wabisala kuseri kwa mneni. M'ziganizo ziwiri zoyamba Carrington akubwereza kawiri kuti zimenezi ndi zimene ankachita mwa nthawi zonse, ndipo kubwerezaku kuli ndi ntchito. Kuyambira 1853 munthuyu anali akuyeza mawanga pa nyumba yake yoonera zakuthambo ku Redhill, kummwera kwa London, ndipo anali atazindikira kale kuti dzuwa limazungulira msanga pamimba kusiyana ndi kufupi ndi nsonga zake. Mawu onena za chizolowezi ndiwo umboni wake woti akati chinthu nchachilendo, akudziwa bwino chimene si chachilendo.

Chiganizo chachiwiri nchonena za zida zokha. Sayang'ana dzuwa mwachindunji. Telesikopu imaponya chithunzi chake pa galasi lopakidwa utoto wotuwa ngati udzu wouma, chithunzi cha mainchesi 11 m'mimba mwake, kapena kuti masentimita 28. Mtundu wa utotowu ukuoneka ngati kanthu kongodzazira ndime, koma ndiwo wakonzeratu diso la wowerenga kuti kuyera kwa kuwala kukabwera, kupeze pokhala. Chiganizo chachitatu ndicho chonyamula nkhani, ndipo mayendedwe ake ngochedwetsa dala. Anali atamaliza kujambula magulu onse a mawanga. Anali akuwerenga masekondi pa wotchi. Anali akulemba nthawi imene banga lililonse likukhudza timawaya topingasa ta m'telesikopu. Ngakhale gulu lalikulu la kumpoto likatchulidwa, mlembi akuimanso kaye kunena kuti kukula kwake kunali kutayambitsa kale manong'onong'o. Wowerenga amapezeka akuwerenga nawo masekondi. Ndiye kumapeto kwenikweni kwa chiganizo, mpweya utatsala pang'ono kutha, zigamba ziwiri za kuwala koyera mbee zikutumphuka. Mneni wake ndi wa chinthu chobuka mwadzidzidzi, ngati moto kapena nkhondo, ndipo ndiye mneni woyamba wamphamvu m'lipoti lonse. Pomwepo, chiganizo chisanatseke, kuwalako kwapatsidwa kale malembo A ndi B pa chojambula.

Chotsatira si kuzizwa ayi, koma kukayikira chida. Ganizo lake loyamba linali loti chotchinga cha patelesikopu chabooka ndipo dzuwa likulowa pa chibowo, poti kuwalako kunali kofanana ndi kwa dzuwa lenileni losatchingidwa. Anasiya kuwerenga, napukusa chigwiriro kuti chithunzi chisunthe. Apa pali kanthu kamene wowerenga mothamanga sakaona: Carrington sakunena chimene chinachitika atapukusa. Sakulemba kuti zigambazo zinasuntha limodzi ndi mawanga, chimene chikanakhala chosatheka kukanakhala kuti ndi chibowo. Akulumpha sitepe imeneyi n'kufika pa mfundo yoti anali mboni yosakonzeka ya nkhani ina ndithu. Amene ankawalembera anali anthu ogwira zigwiriro zotere usiku uliwonse, ndipo kuwafotokozera kukanakhala kuwachepsa. Kulumphaku kukupatsanso ndimeyi liwiro la ganizo lenilenilo, limene limafika pa yankho dzanja lisanachoke pa chigwiriro.

Ndime yothamanga kukaitana munthu ndiyo imene anthu amaikonda, ndipo ndiyo imene mlembi akuonetsa kwambiri za mumtima. Akuvomera kuti anabalalika pang'ono ndi kudzidzimuka, ndipo kuti atabwerera anagwidwa ndi manyazi osakanikirana ndi chisoni poona kuwalako kutafooka. Komatu tsatanetsatane wa zochitika ngofunika kumuona. Asanathamange analemba kaye nthawi. Ngakhale kuchoka kwake kukupatsidwa muyeso, masekondi osapitirira 60. Munthu amene anakamuitanayo alibe dzina, ndipo sitikuuzidwa ngati anabwera. Akulowa m'chiganizo ngati winawake n'kuzimirira momwemo. Chodabwitsa pa kamangidwe ka nkhaniyi nchakuti pampondachimera palibepo. Carrington anachoka kuwala kukukula, nabwerera kukuzilala, kotero mphindi imene kunafika pachimake inadutsa m'chipinda mopanda munthu. Mlembi wofuna kutchuka akanaphimba dzenje limeneli ndi afotokozi. Iyeyu walisiya poyera, nalizinga ndi manambala mbali zonse. Kenaka pakubwera kukana koyamba: anadikira pafupifupi ola lathunthu, diso lili pagalasi, koma sikunabwerezeke.

Manambalawo akubwera motsatizana, m'ziganizo zazifupi zimene zikuziziritsa ndime imene yangothayi. Kuwala kunayamba 11:18 pa nthawi ya ku Greenwich, ndipo mlembi akuti ngati walakwitsa, sizipitirira masekondi 15. Kunatha 11:23. Pa mphindi 5 zimenezi zigamba zinayenda kuchoka pa A ndi B kufika pa C ndi D, mtunda wa mailosi 35,000, omwe ndi makilomita 56,000. Tikagawa tokha tipeza makilomita pafupifupi 190 pa sekondi. Pofuna kuti wowerenga aone kukula kwake, sakugwiritsa ntchito mfotokozi aliyense wokuza. Akungoloza pa chojambula: kabanga kakutali kakumpoto nkofanana ndi dziko lapansi, gulu lalikululo lingaphimbidwe ndi Jupiter. Nthawi yolondolayi imalola aliyense, kulikonse, kudziika m'nkhaniyi. Pa wotchi zathu za lero inali 1:18 masana. Kumene tsopano kuli damu la Lifupa, m'nkhalango ya Kasungu, dzuwa linali litangopendeka, dzuwa la Seputembala limene masiku ano limapeza alimi a fodya akuthirira nazale kudambo. Palibe diso lopanda chida limene likanaona kusintha kulikonse. Kummwera, David Livingstone ndi gulu lake anali atasiya sitima pa Shire n'kuyamba ulendo wapansi umene unawafikitsa ku nyanja ya Malawi patatha masabata awiri.

Chifanifani chenicheni m'lipotili nchimodzi, ndipo mlembi akuchibweretsa kuti achigwetse. Akuti chimene anaona chinafanana ndi moto waukulu wobuka mwadzidzidzi, kotero kunali kosatheka kusayembekezera kuti gulu la mawangalo lisintha kwambiri. Kukana kuwiri kwasanjikizana m'chiganizo chimodzi, kosatheka ndi kusayembekezera, ndipo kukuchititsa kuti chiyembekezocho chimveke ngati cha munthu aliyense, osati cha Carrington yekha. Wa ku Kasungu sangatsutse. Moto wolusa ukadutsa m'tchire la ku Lifupa mwezi ngati umenewu, m'mawa mwake pamakhala lupsa lakuda bii, zitsa zikufuka, ndipo ngakhale mwana angaloze pamene moto unayambira ndi pamene unathera. Carrington anabwerera ku chojambula chimene anamaliza kuwala kusanabuke kukafuna lupsa lake, ndipo sanapeze kusintha ngakhale kumodzi. Pakati pa chiganizochi waika mawu m'mikutiro, onena kuti kumaliza chojambulacho msanga unalinso mwayi. Akutchula kusamala kwake poyamba, mwayi pambuyo, ndipo mwayiwo akuuika m'mikutiro ngati chinthu chimene wakumbukira mochedwa. Mwina ndi kudzikonda pang'ono, koma nkoona: mwayi wotere umagwera munthu amene wajambula mawanga zaka zisanu ndi chimodzi.

Kuchokera pa kukana kumeneku mlembi akutulutsa mfundo yokhayo imene akulola kuipereka yokhudza dzuwa lenilenilo, ndipo akuitcha chithunzi chimene chatsala m'maganizo mwake, osati chotsimikizika. Ngati moto sunasiye chipsera, ndiye kuti sunayake pansi. Unachitikira m'mwamba, pamwamba pa nkhope ya dzuwa, ndipo mawanga anali kumbuyo kwake chabe. Akuwonjeza kuti maonekedwe ndi malo a zigambazo sizinatsate kapangidwe ka banga. Tikumbukire zimene munthuyu analibe. Elekitironi inadziwika mu 1897. George Ellery Hale anapeza kuti mawanga a padzuwa ndi malo a mphamvu yaikulu ya maginito mu 1908. Dzina loti plasma, la mpweya wotentha kwambiri moti maatomu ake athothoka maelekitironi, Irving Langmuir analipereka mu 1928. Lero tikudziwa kuti pamwamba pa gulu la mawanga pamakhala mizere ya maginito yopindika ngati uta, yopotana, ndipo ikaduka n'kulumikizananso mwa njira ina imatulutsa mphamvu imene imakankha maelekitironi ndi mapulotoni pa liwiro loopsa. Ena amathawira kunja, ena amatsetsereka ndi utawo kutsikira kumapazi ake awiri, kumene amawomba mpweya wothithikana n'kuuwalitsa. Nchifukwa chake zigamba zinali ziwiri, ndipo kuyenda kwake kufika pa C ndi D kumagwirizana ndi kulumikizanako kukusamukira ku mizere ina. Carrington analondola za kumene mphamvu inachokera. Kuwala koyerako kunali pansi kuposa mmene anaganizira, pamene tizidutswa tinagwera. A ndi B, tinganene, ndi malo oyamba kulembedwa pamene tizidutswa ta magetsi ta padzuwa tinaonetsa ntchito yake, ndipo anawalemba munthu amene sankadziwa kuti tizidutswato tiliko.

Nkhani ya mboni, imene inasiyidwa m'malere pamene winawake uja anazimirira, ikubwereranso kumathero. Richard Hodgson, ali kunyumba kwake ku Highgate, anaona kuwala komweko pa nthawi yomweyo. Munthu wina aliyense akanathamangira kwa mnzakeyo kukafananiza zolemba. Carrington akuti wapewa mosamala kupatsana naye uthenga uliwonse, kuti malipoti awiriwo akhale ndi phindu chifukwa choima paokha. Anathamanga kufuna mboni, kuwala n'kufooka asanabwerere. Ataipeza akukana kulankhula nayo. Lipoti la Hodgson linasindikizidwa motsatizana ndi lake, ndipo kusiyana kwa kalembedwe kumaoneka msanga. Hodgson akufanizira kuwalako ndi nyenyezi yowala ya Vega ikaonedwa m'telesikopu yaikulu, akunena za kuthobwa m'maso. Pa kutalika kwa nthawi, mphindi 5, awiriwo akugwirizana, ndipo kugwirizanaku kukulemera chifukwa cha kukhala chete kwa Carrington.

Ndime yomaliza ili yonse m'mikutiro, ndipo liwu lasintha. Ine uja wachoka. Tsopano wina akusimba zimene bambo Carrington anaonetsa pa msonkhano wa Novembala. Anabweretsa mapepala a ku Kew, kumene makina ankajambula okha kugwedezeka kwa singano za maginito usana ndi usiku. Pa mapepalawo panali zinthu ziwiri: kugwedezeka kwapakatikati koma kooneka bwino, kosakhalitsa, cha m'ma 11:20, ndi namondwe wamkulu wa maginito amene anayamba cha m'ma 4 koloko m'bandakucha wotsatira, namveka kumpoto ndi kummwera kwa dziko mofanana. Umboni wonse wauika patebulo, waloza ndi chala mphindi zimene zikugwirizana ndi wotchi yake, kenaka akupempha kuti pasakhale womuganizira kuti akupendekera n'komwe ku ganizo lolumikiza ziwirizi mopupuluma. Akutseka ndi mwambi wa kwawo wonena kuti namzeze mmodzi sabweretsa nyengo. Munthu amene sakhulupirira kulumikizana sanyamula mapepala a ku Kew kupita nawo ku msonkhano. Zochita zikunena china, mawu akunena china, ndipo muonjezi uja woti mopupuluma ndiye khomo limene wasiya losatseka: sakukana kulumikiza, akukana kufulumira. Kusamalaku sikunali kwa mantha chabe. Mu 1892 Lord Kelvin, atawerengetsera mphamvu imene ingafunike, anauza Royal Society kuti dzuwa silingayambitse anamondwe a maginito, ndipo mawu ake analemera kwa zaka zambiri.

Mizere iwiri ya ku Kew inali ya amithenga awiri osiyana. Woyamba ndi cheza cha X ndi cheza china champhamvu, zimene zimayenda pa liwiro la kuwala, mphindi 8 kuchokera kudzuwa. Zinafika limodzi ndi kuwala kumene Carrington anaona, zinasokoneza mpweya wa kumtunda kwenikweni kwa thambo lathu, singano n'kugwedezeka. Wachiwiri ndi chimtambo cha plasma chimene dzuwa linalavula, chimene chinayenda makilomita 150 miliyoni m'maola osakwana 18, kutanthauza makilomita oposa 2,000 pa sekondi. Pakati pa awiriwa pali mthenga wachitatu amene lipotili silikumudziwa, chifukwa mu 1859 kunalibe chida chomumvera: tizidutswa tothawira kunja tija, timene tothamanga kwambiri timafika kuno m'mphindi makumi ochepa. Amene anatigwira koyamba ndi Scott Forbush wa ku Carnegie Institution, amene mu 1946 anafalitsa lipoti la kukwera katatu kwa cheza chochokera kuthambo, pa 28 Febuluwale ndi 7 Malichi 1942 ndi pa 25 Julayi 1946. Naye pa mutu wa lipoti lake anaika mawu oti mwina. Ndipo naye umboni wake waukulu unali kukana. Makina a ku Cheltenham ku America, ku Godhavn ku Greenland ndi ku Christchurch ku New Zealand anakwera, koma a ku Huancayo ku Peru, pafupi ndi ikweta, sanasunthe. Kuwala sikusankha malo motero. Chimene chimasankha ndi chinthu chokhala ndi mphamvu ya magetsi, chimene maginito a dziko lapansi amachikhotetsa, kuchilola kulowa kufupi ndi nsonga za dziko n'kuchibweza pamimba pake. Lifupa, pa madigiri 13 kummwera kwa ikweta, ili m'chigawo chotetezedwa chomwecho, ndipo nchifukwa chake kuno kwathu timamva za zinthu izi kudzera kummwera, ku Hermanus ku South Africa, kumene makina owerenga tizidutswa totere akhala akugwira ntchito kuyambira 1957.

Funso la Carrington, loti zinachitikira pa msinkhu wanji, tizidutswa timeneti ndi timene timaliyankha tsopano, ndipo njira yake njokongola. Atomu ya chitsulo ili ndi maelekitironi 26. Plasma ikatentha kwambiri, atomuyo imathothoka ambiri. Ikangothawira kunja, kumene kulibe china choti iwombane nacho, chiwerengero cha amene yataya sichisinthanso, kotero imafika kuno itanyamula chizindikiro cha malo amene inachokera. Setilaiti ya ACE, imene inaponyedwa mu 1997 n'kukakhala makilomita 1.5 miliyoni kuchokera kuno kuloza kudzuwa, inawerenga zizindikirozi. Pa zochitika zazikulu zokhalitsa masiku, chitsulo chambiri chimafika chitataya maelekitironi pakati pa 10 ndi 15, zimene zimagwirizana ndi kutentha kwa madigiri 1 kapena 2 miliyoni kwa mpweya wamba wozungulira dzuwa. Ndiye kuti chinatoledwa panjira ndi funde la chimtambo chija. Pa kuphulika kwachidule, chitsulo chimatha kufika chitataya pafupifupi 20, ndipo tizidutswa tothamanga kwambiri ndito tothothoka kwambiri, chizindikiro choti tinadutsa m'plasma yothithikana, m'munsi, kufupi ndi nkhope ya dzuwa koma pamwamba pake ndithu. M'zochitika zomwezi mtundu wopepuka wa heliyamu, umene nthawi zonse ngosowa, umachuluka ka 1,000 kapena kuposa, umboni woti mafunde a m'plasma amasankha tizidutswa toti akankhe.

Za tizidutswa ta pa 1 Seputembala 1859 penipenipo palibe anatiwerenga. Kwa kanthawi ena ankakhulupirira kuti tinasiya chizindikiro cha nitrate m'madzi oundana a ku Greenland, koma mu 2012 Eric Wolff ndi anzake anaonetsa kuti m'zitsanzo zambiri za madzi oundanawo chizindikirocho mulibe. Kotero ofuna kudziwa kukula kwa kuphulikako amabwererabe ku zinthu ziwiri zimene Carrington anaika patebulo mu Novembala uja. Mu 2013 Edward Cliver ndi William Dietrich, potengera kugwedezeka kwa singano kwa 11:20, anakuika pa X45 pa muyeso wa kukula kwa kuphulika umene akatswiri ankagwiritsa ntchito pa nthawiyo. Kuphulika kwa pa 4 Novembala 2003, kumene kunadzaza makina a setilaiti mpaka kulephera kuyeza, kunapatsidwa X28. Mu 2023 Hisashi Hayakawa ndi anzake anatenga chojambula chenichenicho, nayeza kukula kwa malo amene Carrington anasiya oyera pansi pa malembo A ndi B, napeza pafupifupi X80 pa muyeso wokonzedwanso.